Kiyi wa galimoto ya push start: mmene mbava zimamunamizira ndi kasungidwe kake

Mu Novembala 2017 apolisi a West Midlands ku England adatulutsa kanema yemwe kamera ya pakhomo pa munthu wina ku Solihull idajambula. Amuna awiri akufika usiku. Wina akuima pambali pa Mercedes yoimikidwa pabwalo, mnzake akuyendetsa kabokosi kutsogolo kwa nyumba ngati munthu wosaka netiweki ya foni. Nyali za galimoto zikuphethira, chitseko chikutseguka, injini ikulira, ulendo. Zonsezi zidatenga pafupifupi mphindi imodzi. Galasi silidasweke, ndipo kiyi adali m'nyumba pomwe mwini wake adamusiya.

Apolisi ndi makampani a inshulansi amatcha kuba kotereku relay attack. Kumakhudza galimoto zomwe zimatseguka mukangogwira chogwirira cha chitseko kiyi ali m'thumba, n'kulira mukadina batani, zomwe ambiri timangoti za push start. Ngati yanu imafuna kuti mudine kaye limoti, kenako mulowetse kiyi n'kupotokola, njira imeneyi sikukhudzani, ngakhale pali ina ya m'malo oimika galimoto, yomwe tiifotokoza kumapeto, imene sisankha mtundu wa kiyi. Vutoli lakula kwambiri ku Britain, Germany ndi South Africa, komwe abale athu ambiri akukhala ndi kuyendetsa galimoto. Koma ma Toyota, Nissan, Mazda ndi Honda ochokera ku Japan, omwe amatsikira ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ambiri akubwera ndi makiyi a mtundu womwewu, ndipo kiyi sasintha khalidwe chifukwa wafika ku Area 25 kapena ku Chilomoni.

Zomwe kiyi ndi galimoto zimauzana

M'zitseko, kubuti ndi m'kati mwa galimoto muli ma eriyo ang'onoang'ono. Mukagwira chogwirira, galimoto imatulutsa mafunde a wailesi ofooka, nthawi zambiri a 125 kHz, omwe amathera pa mita imodzi kapena ziwiri. Uku n'kuitana. Kiyi amakhala tcheru usana ndi usiku, ndipo akamva kuitana kwa galimoto yake amayankha pa mafunde ena: 433 MHz ku Europe ndi South Africa, 315 MHz kapena pafupi pomwepo ku America ndi Japan. Yankholi limapita kutali, mamita makumi angapo. Ndi mafunde omwewo amene amatsegula galimoto mukadina limoti muli pakhonde. Funso limasintha nthawi iliyonse ndipo yankho limabisidwa ndi masamu, choncho kulijambula lero kuti mudzalibwereze mawa n'kutaya nthawi.

Pofooka pake ndi apa: galimoto zambiri siziyeza mtunda. Zimangoti, kuitana kwanga kumathera pa mita ziwiri, kiyi wayankha, ndiye kuti ali pompano. Zili ngati mlonda amene amatsegula geti akangomva mawu a bwana, osasuzumira kuti aone ngati bwanayo wafikadi kapena mawuwo akutuluka pa foni ya munthu wina.

Ndicho chifukwa chake mbava zimabwera ziwiri. Woima pa galimoto amakoka chogwirira, kachipangizo kake n'kutola kuitana kuja n'kukutumiza kwa mnzake ali pakhoma la nyumba. Chipangizo chachiwiri chimakutulutsanso mokweza. Kiyi m'kati amamva galimoto yake yeniyeni ikumuitana, amayankha moona, chitseko n'kutseguka. Amabwerezanso zomwezo pa batani lolizira injini. Safunika kudziwa nambala yachinsinsi iliyonse, ndipo alamu silira chifukwa kwa galimotoyo mwini wake wabwera. Injini ikalira sizimanso ngakhale kiyi atsale kutali. Opanga adachita dala, kuti galimoto isazime pakati pa msewu chifukwa batire la kiyi latha kapena mwana waponya kiyi pazenera. Dashibodi imangochenjeza kuti kiyi sakuoneka, galimoto ikuyendabe mpaka kumene akaikonzere kiyi wina kapena kukaiphwasula.

Izi si zatsopano kwa akatswiri. Makiyi otere adayamba kutchuka ndi Mercedes-Benz S-Class kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mu 2011 ofufuza atatu a ku yunivesite ya ETH Zurich ku Switzerland, Aurélien Francillon, Boris Danev ndi Srdjan Capkun, adayesa mitundu 10 ya galimoto za makampani 8 ndipo zonse zidatseguka n'kulira. Adaonetsanso kuti n'kokwanira kupititsa kuitana kokha, chifukwa yankho la kiyi limadzifikira lokha pa galimoto, mpaka mamita 50 pa mayeso awo, ndipo pa makiyi ena chipangizo chinkamudzutsa chili pa mamita 8. Bungwe la oyendetsa galimoto la ku Germany, ADAC, lakhala likuyesa galimoto motere kwa zaka. Pa 237 zomwe lidali litayesa pofika kumayambiriro kwa 2019, 230 zidatseguka n'kulira, ndipo zitatu zokha ndizo zidakana zonse ziwiri. Zitatuzo zidali za Jaguar Land Rover, zokhala ndi luso la ultra-wideband, lomwe limayeza nthawi yomwe uthenga watenga panjira. Mafunde a wailesi amayenda masentimita 30 pa gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi, kotero uthenga wochokera kuchipinda umafika mochedwa ndipo galimoto imaukana. Luso ili likufalikira pa galimoto zatsopano, koma galimoto ya 2014 yochokera ku Japan ilibe.

Mamita 8 aja ndiwo akufotokoza chifukwa chake malangizo akuti ikani kiyi kutali ndi chitseko ndi theka chabe la yankho. Njerwa, matabwa ndi galasi sizitchinga kwenikweni mafunde a 125 kHz. Chowerengera si chitseko chokha koma khoma lililonse lomwe munthu angaime kunja kwake, ndipo nyumba ya zipinda zitatu mwina ilibe malo otalikira mamita 8 kuchokera ku makoma onse. Ku Britain mavuto amachuluka chifukwa galimoto imagona pabwalo lopanda mpanda ndipo makiyi amagona m'kambale pafupi ndi chitseko cha kumaso. Mpanda wa njerwa ndi geti yokiyidwa zimathandizadi, osati chifukwa zimatseka mafunde koma chifukwa galimotoyo iyenera kudutsa pa geti. Mtunda umachepetsa ngozi. Chomwe chimaithetsa n'kutseka makutu kapena pakamwa pa kiyi.

Kathumba, bokosi, chitini

Mu 1836 Michael Faraday adaonetsa kuti chinthu chokutidwa ndi chitsulo mbali zonse sichifikiridwa ndi mphamvu ya magetsi yochokera kunja. Tizikwama ta makiyi totchedwa dzina lake timatsatira mfundo imeneyo: m'kati muli nsalu yolukidwa ndi ulusi wokutidwa ndi kopa, nikelo kapena siliva. Mawu ofunika ndi akuti mbali zonse. Pakakhala mng'alu wautali, mng'aluwo umasanduka eriyo, ndipo mafunde amadutsa ngati madzi pa ndowa yong'ambika.

Tizikwama timeneti timalephera m'njira zitatu zodziwika. Tambiri tili ndi matumba awiri, koma lokhala ndi nsalu yachitsulo ndi limodzi. Linalo ndi loikamo makhadi. Anthu ambiri amaika kiyi m'thumba lolakwika kwa miyezi osadziwa. Lolondola ndi lomwe m'kati mwake mukunyezimira mbali zonse ziwiri. Kachiwiri, chivindikiro chiyenera kupindidwa mpaka kumapeto n'kumatidwa. Mukamangirira makiyi a nyumba, kotsegulira botolo ndi kachidole pa kiyi wa galimoto, kathumba sikatsekeka ndipo mphete yachitsulo yotulukira kunja imatha kutulutsa mafunde. Kachitatu, nsaluyo imatha. Pomwe pamapindika tsiku ndi tsiku ulusi umaduka, makiyi akuthwa amakanda zokutira, thukuta ndi chinyezi zimadya chitsulo. Kunja kathumba kamaoneka katsopano pamene m'kati ntchito idatha kalekale. Musakachape, ndipo musakadalire chifukwa kadadula.

Panyumba, bokosi limaposa kathumba chifukwa silipindika. Mabokosi ogulitsidwa amakhala a thabwa kapena chikopa kunja, nsalu yachitsulo m'kati, ndipo pofunika kuyang'ana ndi pamlomo pomwe chivindikiro chimakumana ndi bokosi. Chitini wamba chimagwiranso ntchito, koma osati chilichonse. Cha mkaka wa ufa chokhala ndi chivindikiro cha pulasitiki n'chopanda pake, chifukwa pamwamba ponse ndi potsegula. Cha mabisiketi kapena cha tiyi chimatha kugwira ngati chivindikiro chimalowa mothina, koma zitini zambiri zimapakidwa penti ndi vanishi pamlomo, ndiye chitsulo sichikhudzana ndi chitsulo chinzake. Kupala pentiyo ndi sandipepa mozungulira mlomo wonse, wa chitini ndi wa chivindikiro, kumasintha zinthu kwambiri. Pansi pake yalani kansalu kapena kakatoni kuti kiyi asakandike.

Foyilo ya kukhitchini ili ndi nkhani yakeyake. Mafunde amalowa m'chitsulo pang'ono asanafooke, ndipo kuzama kwake kumadalira mtundu wa mafundewo. Mu aluminiyamu, a 433 MHz amafooka kwambiri atangolowa pafupifupi mamilimita 0.004, pamene a 125 kHz amafuna pafupifupi mamilimita 0.23. Foyilo yambiri ndi yokhuthala mamilimita 0.016 okha. Tanthauzo lake n'lakuti kukulunga kamodzi kumatha kutseka pakamwa pa kiyi koma osati makutu ake: amamvabe kuitana, ndipo chitetezo chonse chatsamira pa kusatuluka kwa yankho. Kabowo kamodzi kapena popinda posagwirana bwino, yankho latuluka. Pa ulendo, ngati palibe china, kulungani katatu kapena kanayi, pindani m'mphepete kawiri, ndipo yesani. Ya tsiku ndi tsiku siyenera, imang'ambika mukangoitsegula kangapo. Poto wa aluminiyamu wokhuthala, wa chivindikiro chokhala bwino, amaposa foyilo pa mfundo yomweyi ya makulidwe, ngakhale si aliyense angalole makiyi kugona m'poto.

Firiji ndi mayikulowevu zimatchulidwa kawirikawiri, ndipo zonse ziwiri n'zosayenera. Chitseko cha firiji chimatseka ndi labala, osati chitsulo, kuzizira kumafooketsa batire, ndipo kiyi akatuluka kunja kofunda amachita thukuta m'kati momwe muli tizipangizo ta magetsi. Chitseko cha mayikulowevu adachikonza kuti chitseke mafunde a 2.45 GHz ophikira, osati a kiyi, ndipo tsiku lina wina adzadina batani asadasuzumire.

Kuyesa

Palibe kathumba, bokosi kapena chitini choyenera kukhulupiriridwa chisadayesedwe pa galimoto yanu. Kuika foni m'katimo n'kuiimbira sikuyesa, popeza foni imagwiritsa ntchito mafunde ena. Kuyesa koona kumatenga mphindi 5. Kiyi wa sipeya akhale kutali kapena wopanda batire, apo ayi ndiye adzayankha m'malo mwa mnzake n'kukusokonezani.

Yambani ndi kiyi ali pamtunda kuti mutsimikize kuti galimoto ikutseguka monga mwa masiku onse. Ikiyeni, tsekerani kiyi m'kathumba, dikirani masekondi angapo, kenako kokani chogwirira. Musaime patali: gunditsani kathumbako pa chogwiriracho, pa galasi la dalaivala ndi pa chotsegulira buti, mukukatembenuza mbali zonse. Chifukwa chake n'chakuti chipangizo cha mbava chimafuula kuposa galimoto, ndiye kathumba kogwira pa mita imodzi koma kolephera mukakagunditsa kalephera kale. Mukatero tsegulani galimoto, khalani pampando, tsekeraninso kiyi, pondani buleki n'kudina batani. Dashibodi iyenera kunena kuti kiyi sakuoneka. Pomaliza, mutaima pafupi ndi galimoto, dinani batani lotsegulira kudzera pa nsalu ya kathumba. Nyali zikaphethira ndiye kuti yankho la kiyi likutuluka. Bwerezani zonsezi kamodzi pamwezi, mwina tsiku lomwe mumayang'ana oyilo ndi mpweya wa matayala.

Kumugoneka kiyi

Njira yabwino koposa nthawi zina imakhala kale m'manja mwanu. Pa makiyi ambiri atsopano a Toyota ndi Lexus, mukagwira batani lokiyira osalisiya n'kudina lotsegulira kawiri, kanyali ka pa kiyi kamaphethira kanayi ndipo kiyi amasiya kumva kuitana. Buku la galimoto limati ndi njira yosungira batire, koma imatsekanso khomo la mbava. Kudina batani lililonse kumamudzutsa, choncho kiyi woponyedwa m'chikwama chodzaza akhoza kudzuka yekha. Pa Mercedes zambiri, kudina batani lokiyira kawiri mofulumira kumachita zomwezo. Galimoto zina zimalola kuzimitsiratu kutseguka kongogwira chogwirira kudzera pa sikirini ya pa dashibodi, kapena kwa dila. Mumatsala ndi limoti ya mabatani ngati kale. Galimoto zochokera ku Japan zimabwera ndi buku ndi sikirini za Chijapani, koma buku la Chingerezi la mtundu womwewo nthawi zambiri limapezeka pa intaneti. Si kiyi aliyense ali ndi njira imeneyi, ndipo chotsimikizira ndi chogwirira cha chitseko, osati kanyali.

Makiyi ena amagona okha. Mu 2019 Ford idayamba kupereka makiyi a Fiesta ndi Focus okhala ndi kachipangizo komva kugwedezeka: akakhala phee masekondi 40 amasiya kuyankha, mukawanyamula amadzuka. BMW, Audi, Volkswagen ndi Mercedes ali ndi zofanana, ena amadikira mphindi zingapo. Kuti mudziwe ngati wanu ndi wotero, kiyani galimoto, ikani kiyi pa kampando kapena pansi pafupi ndi chitseko, musamukhudze kwa mphindi 5, kenako kokani chogwirira. Musamuike padenga la galimoto, chifukwa kukoka chitseko kumamugwedeza. Kiyi wotere ndi wotetezeka pa tebulo, koma osati m'thumba la munthu woyendayenda m'sitolo, kapenanso pa msomali wa kuseri kwa chitseko chomwe ana akutsegula ndi kutseka.

Kiyi wa sipeya ndiye amaiwalika kwambiri. Munthu amasamala yemwe amayenda naye, winayo ali m'dilowa ya kuchipinda pafupi ndi zenera, akuyankha aliyense womuitana. Mankhwala ake ndi osavuta: chotsani batire. Makiyi ambiri amatseguka mukasolola kakiyi kachitsulo kobisika m'kati n'kukanulira nako pamng'alu. Batire lake limakhala CR2032, CR2025, CR1632 kapena CR2450, la mavoti 3. Manambalawo akunena kukula, mwachitsanzo CR2032 ndi mamilimita 20 m'mimba mwake ndi 3.2 makulidwe. Jambulani chithunzi musadalichotse kuti mudzakumbuke mbali yoyang'ana kumwamba. Kiyi wopanda batire sakufa: kakiyi kachitsulo kamatsegula chitseko cha dalaivala, ndipo pa galimoto zambiri mukagunditsa kiyi pa batani lolizira mutaponda buleki, injini imalira, chifukwa muli kachipangizo kena kotenga mphamvu ku galimoto komweko. Makiyi omatidwa osatseguka apite m'chitini choyesedwa. Batire lochotsedwalo libisidwe kwenikweni. Mwana akalimeza limatha kuwotcha kummero m'maola awiri okha, ndipo imeneyo ndi nkhani yothamangira kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira zizindikiro.

Malo ake m'nyumba

Njira yovuta imasiyidwa pakatha sabata ziwiri, ndiye kasungidwe kabwino n'komwe munthu wotopa, wonyamula majumbo, angakatsate osaganiza. Bokosi likhale panjira yomwe mumadutsa kale mukalowa, monga pa shelefu ya m'kolido ya pakati kapena pa kabati ya pabalaza, osati pawindo ndiponso osati poonekera kunja. Likhale lalikulu moti makiyi onse a m'nyumba alowe ndi mphete zawo chivindikiro n'kutsekeka. Bokosi lofuna kuvula kiyi pa mphete tsiku lililonse silikhalitsa pa ntchito. Pakhomo pa galimoto ziwiri, kapena mlendo akagona, onse alowe momwemo. Akuluakulu onse a m'nyumba adziwe pomwe lili, chifukwa matenda a usiku safuna kusakasaka makiyi. Ku Britain kuli chifukwa china chotalikitsira makiyi ku chitseko: mbava zimawedza makiyi ndi waya kudzera pa kabowo ka makalata.

Ena amagona ndi kiyi pamutu pa bedi. Pa nkhani ya mafunde sizithandiza, popeza zipinda zogona zambiri zili pakhoma lakunja. Pa nkhani ya moyo n'zoipirapo: wothyola nyumba chifukwa cha galimoto ndi bwino apeze kiyi pabalaza kusiyana n'kudzamufunsa kuchipinda.

Pewaninso kuika kiyi pafupi ndi zamagetsi. Mabuku a Toyota amalangiza mita imodzi kuchokera ku TV, kompyuta, foni, matchaja ndi nyali za patebulo, chifukwa phokoso la zipangizozi limadzutsadzutsa kiyi mpaka batire loyenera kukhala chaka kapena ziwiri limatha msanga. Pa galimoto zina, kiyi wogona mamita ochepa kuchokera pa galimoto, monga kukhitchini koyandikana ndi galaja, amachezerana nayo usiku wonse n'kufooketsa mabatire onse awiri. Bokosi lachitsulo limathetsa zimenezinso.

Kunja kwa nyumba kathumba ndiko kamagwira ntchito. Ku ofesi, kutchalitchi, kumalo odyera kapena ochitira masewera, galimoto imakhala pafupi ndipo munthu wa chikwama kumsana akhoza kuima pambali panu osakayikitsa. Tivomereze kuti kutulutsa kiyi m'kathumba nthawi iliyonse kumachotsa ufulu womwe push start idabweretsa. Ndiwo mtengo wake, ndipo amene ali ndi batani logonekera kiyi apepukidwa. Kunyanja, chizolowezi chakale chobisa kiyi pamwamba pa tayala n'choopsa kuposa kale, chifukwa wakuba safunikanso kumupeza: kiyi ali pafupi, chitseko chitseguka kwa aliyense wochikoka. Mutengeni m'kachikwama kosalowa madzi. Kumutsekera m'galimoto momwemo kumatha kukuyambanitsani ndi a inshulansi, popeza mapangano ambiri salipira galimoto yobedwa kiyi atasiyidwamo. Amene amagwiritsa ntchito foni ngati kiyi nawo sadapulumuke: mu 2022 kampani yoona za chitetezo cha makompyuta ya NCC Group idaonetsa kuti uthenga wa Bluetooth wa Tesla Model 3 umatha kupititsidwa chimodzimodzi. Pa Tesla chotchinga ndi PIN to Drive, nambala yolemba pa sikirini galimoto isadanyamuke.

Zomwe bokosi silingaletse

Ku South Africa njira yofala m'malo oimika galimoto a m'mashopu akuluakulu ndi remote jamming. Wina amatulutsa phokoso pa mafunde omwewo panthawi yomwe mukudina limoti, lamulo lokiya silifika, inu n'kuchoka galimoto ili yotsegula. Imakhudza limoti iliyonse, ya push start kapena ayi. Kiyani muli pafupi, onani nyali zikuphethira, mverani maloko akugwa. Kukoka chogwirira kuti mutsimikize kumasokoneza pa galimoto ya push start, chifukwa kiyi ali m'thumba chitseko chimatsegukanso. Kokani cha kumbuyo ngati chilibe kachipangizo komva dzanja, kapena tsekerani kaye kiyi m'kathumba.

Njira ina sifuna kiyi n'komwe. Mu Epulo 2023 akatswiri awiri, Ian Tabor ndi Ken Tindell, adafotokoza mmene Toyota RAV4 ya Tabor idabedwera ku London. Mbava zidakanula bampala, n'kufika pa mawaya a nyali ya kutsogolo omwe ndi olumikizana ndi netiweki ya m'kati mwa galimoto yotchedwa CAN, n'kulowetsapo uthenga wabodza wakuti kiyi wavomerezedwa. Zipangizo zake zimagulitsidwa zitabisidwa m'chikombole cha sipika ya Bluetooth. Asadaibe, mwini wake adapeza kawiri bampala itakanulidwa. Mukaona zotero pa galimoto yanu, musaziyese ntchito ya ana osewera. Palinso soketi ya OBD, ya mapini 16, pansi pa dashibodi kumbali ya dalaivala, pomwe amakaniko amalumikiza kompyuta. Wolowa m'galimoto ndi chipangizo choyenera amatha kulembetsa kiyi watsopano pomwepo. Ichi ndi chifukwa chosasiyira kiyi ndi galimoto kwa munthu wosamudziwa kwa maola, kaya kotsukitsa kapena kokonzetsa.

Boma la Britain, potengera kafukufuku wa umbanda wa ku England ndi Wales wa 2022 mpaka 2023, lidati pa galimoto 100 zilizonse zobedwa, 40 zidabedwa posokoneza mafunde a kiyi, ndipo mu 2025 lidapititsa ku nyumba ya malamulo bilu yoletsa kupezeka ndi zipangizo zotere, chilango chake mpaka zaka 5 m'ndende. Ku South Africa, kumapeto kwa 2022, Toyota idapempha eni Hilux, Fortuner, Prado ndi Land Cruiser zina kuti apite nazo kwa madila akaziwonjezere chitetezo. Amene akugula galimoto zimenezi ku Johannesburg kapena ku Durban afunse ngati zidachitika.

Pa njira zosadutsa pa kiyi, zothandiza ndi zachikale. Loko ya chiwongolero, makamaka yokuta chiwongolero chonse osati ya ndodo yokha, imafuna chopalira chitsulo, phokoso ndi nthawi, zinthu zomwe mbava ya kabokosi idabwera kudzapewa. Soketi ya OBD ili ndi zotsekera zake zachitsulo. Immobiliser (chipangizo choletsa injini kulira) yowonjezera, yofuna kuti mudine mabatani a pa chiwongolero kapena dashibodi mwa dongosolo lanulanu injini isanalire, imagwira ngakhale galimoto itanamizidwa kuti kiyi alipo; iikidwe ndi wodziwa, chifukwa mawaya a CAN olumikizidwa molakwika amayambitsa mavuto osatha, ndipo a inshulansi auzidwe. Tracker, kachipangizo koonetsa komwe galimoto ili, siletsa kuba, imathandiza kuipeza.

Chotsala ndi galimoto yogula kwa wina. Zambiri zochokera ku Japan zimafika ndi kiyi mmodzi, pamene zidatuluka ku fakitale ndi awiri, ndipo panjira zimadutsa m'manja mwa anthu ambiri, kudoko, kwa madalaivala, kwa ogulitsa. Kompyuta ya galimoto imasunga mndandanda wa makiyi omwe imawadziwa, ndipo dila kapena katswiri wa makiyi a galimoto amatha kuwerenga kuti alipo angati. Ikanena atatu inu muli ndi mmodzi, awiriwo ali kwinakwake ndipo akadali ndi mphamvu yotsegula ndi kuliza. Pemphani kuti onse afufutidwe n'kulembetsanso okhawo omwe ali pa tebulo, ndipo tengani makiyi anu onse tsikulo, chifukwa wotsala kunyumba adzafufutika nawo. Ndi nthawi yomweyo yokonzetsa wa sipeya: kuwonjezera kiyi wina pamene mmodzi alipo n'kotsika mtengo kwambiri kusiyana ndi kuyambira pomwe onse atayika. Wa galimoto ya ku Japan agulidwe wa mafunde a ku Japan. Wa 433 MHz wochokera ku South Africa amaoneka chimodzimodzi kunja koma galimotoyo siimumva. Kufufuta kumachotsa mphamvu ya magetsi yokha, kotero kakiyi kachitsulo ka m'kiyi wotayikayo kamatsegulabe chitseko cha dalaivala mpaka loko yakeyo itasinthidwa.